Galasi lakutsogolo la Gallardo lang'aluka: ndimate, ndisinthe, nanga ndipatse ndani?

Chiphaliwali_V10

Akuluakulu, ndabwera ndi nkhani yoti ena mwa inu muyamba mwaseka kaye. Sekani ndithu, koma mukatha mundigawireko nzeru.

Ndili ndi Lamborghini Gallardo ya 2007, ya denga lolimba, ija ya injini ya V10 ya malita 5. Ndinaigula kwa munthu zaka zitatu zapitazo ndipo sindiyendera tsiku ndi tsiku. Imatuluka Loweruka m'mamawa magalimoto asanachuluke pamsewu, ikabwerako imalowa m'galaja n'kufundidwa nsalu. Loweruka lapitali ndinapezeka kumbuyo kwa lole yonyamula miyala, ndikudikira mpata woti ndiipitirire. Ndinangomva kuti tcha! Poyang'ana, kabala kakang'ono ngati mutu wa machesi, m'munsi mwa galasi, mbali ya pasinjala, mwina zala zitatu kuchoka pa mzere wakuda wa m'mphepete uja.

Apa ndiye ndinachita zopusa. Nditafika kunyumba ndinaisiya padzuwa pafupifupi maola awiri, kenako ndinatenga paipi n'kuyamba kuitsuka ndi madzi ozizira. Mng'alu unayenda ndikuona ndi maso angawa, mbali ina kutsikira m'mphepete, ina kukwera cha pakati. Ndinayeza ndi lula, unakwana masentimita 28. Ndinaika kadontho ka inki pomwe unathera. Lero Lachiwiri wadutsa kadonthoko ndi masentimita awiri, chonsecho galimoto sinasunthe pomwe ndinaiimika.

Ndafunsa malo atatu. Woyamba ndi mnyamata wina womata magalasi, akuti akhoza kuthira mankhwala mumng'alumo usapitirirenso. Achiwiri ndi ogulitsa magalimoto amenewa. Iwo akuti galasi aitanitsa kuchokera ku Italy, ndidikire masabata angapo, ndipo anandiuza mosabisa kuti oika amachita kuitana munthu wapadera. Achitatu ndi shopu yoika magalasi a galimoto iliyonse. Akuti apeza galasi lopanda chizindikiro cha Lamborghini cha ng'ombe chija, ndipo ola limodzi lokha ndizinyamuka.

Mtima wanga uli pa galasi la chizindikiro, chifukwa tsiku lina ndidzafuna kuigulitsa. Koma kodi ndikungodzivutitsa? Amene munasinthitsapo pa galimoto zamtunduwu, zinayenda bwanji?

Wamagalasi

Pepani achimwene. Ine ndakhala ndikuika magalasi a galimoto zaka 19, ndiye ndiyankha monga wogwira ntchitoyi. Zokhala ndi Gallardo ayi, yanga ndi kaveni konyamulira zida basi.

Zomata ziiwaleni. Galasi lakutsogolo si limodzi monga limaonekera. Ndi magalasi awiri opyapyala, pakati pake pali pulasitiki yotchedwa PVB, yosakwana ndi milimita imodzi yomwe. N'chifukwa chake likamenyedwa limangong'aluka, silimwazika tizidutswa ngati la pachitseko. Mankhwala omatira aja amagwira ntchito pa kabala kakang'ono, kouma, kopanda litsiro, komanso kotalikirana ndi m'mphepete. Lanulo mng'alu watalika, mwalowa madzi a sopo, ndipo wafika kale m'mphepete. M'mphepetemo galasi limakhala lokokeka kale kuchokera pomwe ankalipinda kufakitale, ndiponso ndi momwe thupi la galimoto limalikankhira ikamapotoka pang'ono, monga pamene mukukwera chitunda chopingasa kuti kumimba kusakhule. Mnyamatayo athiradi mankhwala, mumlipira, koma tsiku loyamba lotentha mng'alu upitiriza ulendo wake.

Tsopano funso lanu lenileni. Mwafunsa za galasi, koma chimene chingakuwonongereni galimoto ndi manja a woikayo ndi guluu amene agwiritse ntchito.

Galasili silinangokhazikidwa mumpira ngati m'magalimoto akale. Linamatidwa ku thupi la galimoto ndi guluu wa urethane, ndipo likamatidwa limasanduka ngati fupa limodzi la galimotoyo. Limathandiza denga kuti lisaphwanyike ikagubuduzika, ndipo m'magalimoto ambiri airbag ya pasinjala ikaphulika imatsamira galasi lomwelo isanafike kwa munthu. Guluu akapanda kugwira, airbag imakankhira galasi kunja.

Chachiwiri, Gallardo thupi lake ndi la aluminiyamu. Ambiri amaganiza kuti poti aluminiyamu sachita dzimbiri lofiira ndiye palibe choopa. Alipo matenda ake. Mukakanda penti mpaka chitsulo chioneke, n'kumatapo guluu osapakapo pulayima (mankhwala oteteza chitsulo ndi kuthandiza guluu kugwira), pansipo pamayamba kutuluka kaufa koyera, penti imatukuka, ndipo guluu amanyamuka nayo limodzi. Inu simuona kanthu poti zonse zabisika kuseri kwa mzere wakuda uja. Mzerewo, tingonenapo, si wokongoletsa: ndi utoto wowotchera pagalasi wotchinga dzuwa kuti lisafoole guluu. Mudzadziwa patapita miyezi, madzi akadzayamba kudontha pa dashibodi.

Ndiye munthu amene mukufuna kumpatsa ntchito mufunseni izi, muone ngati achite chibwibwi. Adula guluu wakale ndi chiyani? Ine pa galimoto yotere sindibweretsa mpeni wachitsulo wokoka uja. Ndimadula ndi chingwe cholimba cha ulusi, chokokedwa ndi kachipangizo komamatira pagalasi cham'kati. Chimachedwa, koma sichikanda penti ndipo sichidya chikopa cha dashibodi. Guluu wakale amusiya wochuluka bwanji? Yankho labwino ndi milimita imodzi kapena awiri. Sitipala mpaka pachitsulo, chifukwa guluu watsopano amagwira bwino pa mnzake wakale wongodulidwa kumene. Nanga guluu wake ndi wamtundu wanji? Pa thupi la aluminiyamu pamafunika urethane wolimba kwambiri akauma, komanso wosadutsa magetsi. Guluu wakuda wamba amakhala ndi kaboni wambiri moti amatha kudutsitsa magetsi pang'ono, zomwe zimafulumizitsa aluminiyamu kudyeka ndiponso kusokoneza wailesi ngati mlongoti wake uli m'galasi. Makampani ngati Sika ali nawo mitundu yolembedwa zimenezi pachubu penipenipo. Muone nokha chubucho, muwerengenso deti lake lothera mphamvu.

Za ola limodzi zija. Alipo maguluu amene wopanga amalola kuti galimoto iyende pakatha mphindi 30 kapena ola, si bodza. Koma urethane amauma ndi chinyezi cha mumpweya, kotero kuzizira ndi kuuma kwa tsikulo kumasintha nthawi. Ndipo ola limenelo ndi lodikira galasi litaikidwa kale. Munthu wonena kuti kuchotsa mawaipa, mapulasitiki a m'munsi, zophimba nsanamira zam'kati, kudula, kutsuka, kupaka pulayima, kumata ndi kuumitsa zonsezo zikwana mu ola limodzi pa Gallardo, ameneyo sanaionepo pafupi. Ine ndingakuuzeni kuti muisiye m'mawa mudzaitenge mawa lake.

Sipanala10

Bwana, munthu wa V10 kumatsatira lole ya miyala pafupi chonchi? Mahatchi onse aja munawasungira ndani?

Zoseka pambali, ine pa za chizindikiro ndikutsutsani. Ambiri mwa opanga magalimoto sapanga okha magalasi. Amagula kwa makampani a magalasi ngati Saint-Gobain Sekurit, Pilkington ndi AGC, n'kuwauza adindepo chizindikiro chawo. Pitani mukayang'ane pakona ya galasi lanulo. Mupeza dzina la kampani imene inalipanga, kabwalo kokhala ndi chilembo E ndi nambala ya dziko lomwe linavomereza, monga E1 Germany, E2 France, E3 Italy, kenako nambala yoyamba ndi 43R. Nthawi zambiri pamakhalanso DOT ndi AS1, zilembo za malamulo a ku America. Galasi lililonse lokhala ndi zilembo zimenezi linayesedwa pa malamulo omwewo. Ng'ombe yodindidwa pakona siletsa mwala. Luso lomata magalasi awiri analembetsa Mfalansa uja Édouard Bénédictus kale mu 1909, si zachinsinsi za ku Sant'Agata, kufakitale ya Lamborghini, ayi. Ine ndikanatenga lotchipalo, ndalama yotsala ndigulire matayala.

Nyenyezi360

Achimwene a Chiphaliwali, mverani zimene a Wamagalasi akuuzani. Ine zinandionekera.

Yanga ndi Ferrari 360 Modena ya 2001, nayonso ya aluminiyamu. Galasi ndinagula lenileni, la chizindikiro, ndinalidikira mpaka mtima kutopa, linabwera m'bokosi lamatabwa litaimitsidwa chilili. Poti ndinali nditawononga zambiri pa galasilo, ndinati ndipulumutseko pa woika. Ndinaitana bambo wina amene anandiikirapo bwinobwino pa galimoto yanga yoyendera kuntchito. Anabwera yekha, wopanda womuthandiza. Ine ndinawasiya ali pantchito n'kulowa m'nyumba, ndipo ndimadziimbabe mlandu mpaka lero.

Sabata yoyamba zonse zinali bwino. Kenako ndikafika pa liwiro la 110 ndinayamba kumva kamluzu cha kumtunda, kumanja. Ndinkaganiza kuti ndi mpira wa chitseko, ndinausintha, kamluzu kali pompo. Mvula yoyamba itagwa ndinapeza kapeti yanyowa. Pomwe tinadzachotsanso galasilo patatha chaka, tinapeza malo otalika ngati chikhatho pomwe guluu sanakhudze galasi n'komwe. Bamboyo analikhazika yekha, linatsetsereka pang'ono n'kupsinya guluu mbali imodzi. Pansi pake panali mizere itatu ya mpeni, yonse itatuwa ndi kaufa koyera kamene akunenako. Ndipo m'mphepete mwa dashibodi, pamalo posaoneka ukakhala pampando, chikopa chinali chodulidwa ngati utali wa chala. Sanandiuze.

Choipitsitsa, galasi lomatidwa kale kulichotsa lamoyo n'kovuta. Langa lodula lija linang'aluka pochotsa. Ndinagula kawiri.

Tsono langizo langa: oika akhale awiri, ndi zogwirira zomamatira zija. Asanathire guluu, aliyeseze kaye louma, aone mipata mbali zonse, aike tepi yosonyeza pomwe likhale. Mipira ya m'mphepete ndi timapulasitiki togwirira muitanitse zatsopano limodzi ndi galasi. Zakalezo pa galimoto ya 2007 zauma kale, zithyoka pongozikhudza, ndiye galimoto idzakhala masabata enanso kudikira kanthu kochepa ngati chikhadabo. Jambulaninso zithunzi za dashibodi, nsanamira ndi penti asanayambe, mwini ntchito akuona. Ndipo musalowe m'nyumba. Tengani mpando mukhale pomwepo.

Wamagalasi

Pepani mayi a Nyenyezi, nkhani yanu ndi yomwe timakumana nayo ikabwera ntchito ya anzathu kuti tikonze.

A Sipanala, mwanena zoona koma mwasiyira panjira. Zilembo zija zimatsimikiza kuti galasi ndi lolimba moyenera ndipo likasweka silivulaza kwambiri. Sizitsimikiza kuti lapindika ndendende ngati bowo la galimoto yanu. Pa galimoto zopangidwa mamiliyoni, opanga magalasi apadera amakhala ndi zikombole zabwino poti msika ulipo. Ma Gallardo onse, kuyambira 2003 mpaka 2013, anangopitirira pang'ono 14,000. Pa chiwerengero chotere, galasi lopanda chizindikiro likhoza kukhala lochokera kufakitale yomweyo, apo ndiye mwapata, kapena la wina amene anangokopera mawonekedwe. Lokoperalo likaphonya ndi mamilimita ochepa pakona, woika amalikanikiza kuti likhale, ndipo limakhala lokokeka moyo wake wonse. Tsiku lina lidzang'aluka lokha popanda mwala. Mng'alu wotere timauzindikira poyendetsa nsonga ya bolopeni mumzeremo: ikapanda kukodwa pa kabala paliponse, ndiye kuti si mwala.

Palinso china. Galasi la Gallardo ndi logona kwambiri, galimoto yake sifika ndi mamita 1.2 omwe kuchokera pansi mpaka padenga. Ukamayang'ana kudzera m'galasi logona chonchi, maso amadutsa mopingasa, ndiye kakupindika kalikonse kolakwika kamakula. Mizere ya pamsewu imaoneka ngati ikuvina. Pa galimoto yamtunda sungazindikire, koma pa iyi mutu umapweteka usanayende ndi ola lomwe. Ngati achimwene angasankhe lopanda chizindikiro, aliimike panja lisanaikidwe, ayang'ane mzati wamagetsi kapena m'mphepete mwa khoma kudzera m'makona onse anayi, uku akusuntha mutu. Mzere ukapindika, alibweze.

Mwayi wanu achimwene ndi woti ya 2007 ilibe kamera yoyang'anira msewu kuseri kwa galasi. Magalimoto atsopano okhala nayo amafunika kuyikonzanso kamerayo ndi kompyuta galasi likasinthidwa, apo ayi imawerenga msewu mokhota.

Sipanala10

Chabwino akulu, za mizere yovina ndavomera, sindinaziganize. Koma ndikuumirirabe kuti ayambe wafunsa dzina la fakitale ya galasi lotchipalo. Likakhala dzina lomwelo lomwe lili pa lakalelo, ndalama yowonjezerayo akugulira chithunzi cha ng'ombe basi.

Kalembera

Palibe amene watchula inshuwalansi, ndiye ndilowererepo poti ndinagwirako ntchito imeneyi. Bambo, musalole aliyense akhudze galasilo musanawaimbire. Jambulani kabala ka mwala kaja chapafupi, lula ili pambali, kuti pasadzakhale mkangano woti linang'aluka lokha. Kenako werengani pepala lanu la mgwirizano, gawo la magalasi. Mapepala ambiri amalonjeza galasi lofanana ndi lakale, osati la kwa wopanga galimoto, ndipo ena amaika malire a ndalama amene pa galimoto yotere sangafike ndi theka lomwe. Ngati avomera galasi lenileni, komanso woika wosankha inu, akulembereni. Mawu a pafoni amauluka, ndipo amene munalankhula naye sadzapezeka tsiku lolipira.

Za paipi ya madzi ozizira, akakufunsani nenani zoona. Chinayambitsa ndi mwala, kabala kakuoneka.

Chiphaliwali_V10

Ndabweranso akuluakulu, patha masabata asanu ndi limodzi. Galimoto yatuluka dzulo.

Ndinachita zimene a Sipanala ananena, ndinafunsa a shopu aja dzina la fakitale. Anandizungulitsa masiku atatu, mapeto ake ananditumizira chithunzi cha pakona, dzina lake losiyana ndi la pa langa, ndipo anati likabwera silibwezedwa. Ndinaitanitsa lenileni, pamodzi ndi mipira ndi timapulasitiki monga mayi a Nyenyezi analangizira. A inshuwalansi analipira gawo, lotsala ndinapereka ndekha, ndipo kalata yawo ndinaidikira masiku asanu ndi anayi. A Kalembera, zikomo, malire aja analimodi m'pepala, pa tsamba lomwe sindinaliwerengepo chigulireni galimoto.

Woika ndinamufunsa mafunso onse a a Wamagalasi, ndili ndi foni m'manja ndikuwerenga. Anandiyang'ana, n'kuseka, n'kupita kukatenga chubu cha guluu kudzandipatsa ndiwerenge ndekha. Anabwera awiri. Kudula kokha kunatenga pafupifupi ola ndi theka, chingwe chikulira pang'onopang'ono, wina ali m'kati atagwira kapulasitiki kotchinga dashibodi n'kumakasuntha motsatira chingwecho. Timapulasitiki takale tinathyoka tinayi mwa tisanu ndi kamodzi. Galasi litachoka ndinaona chinthu chimene sindinkayembekeza: pakona yam'munsi panali kale mzere wa mpeni wopakidwa pulayima mothimbirira, kusonyeza kuti galasi limene ndinkalilirali silinali loyamba. Wina analisinthapo ine ndisanagule. Mwayi wake kaufa koyera kanali kochepa, anapala, kutsuka, n'kupakanso.

Analiyeseza louma kawiri. Guluu anamuthira mzere umodzi wosadukiza, wosongoka pamwamba ngati msana wa denga, n'kulumikiza m'munsi. Atalikhazika anamata matepi awiri kumtunda, anatsitsa magalasi a m'zitseko pang'ono, n'kundiuza kuti ndisamenyetse chitseko ndipo ndisaitsuke ndi paipi yamphamvu masiku awiri. Pa mawu oti paipi anandiyang'ana mwachidwi, ndiye kuti nkhani yanga inali itamufika kale.

M'mawa uno ndaiyendetsa mpaka 120, mluzu palibe, mizere ya pamsewu ili chilili. Lole ya miyala ndinakumana nayo ina, ndinaisiyira mtunda woti basi ziwiri n'kukwanapo.

Funso latsopano: woikayo wandiuza za pulasitiki yoonekera yomata kunja kwa galasi, yoteteza ku timiyala. Alipo amene anaiyesa? Ndikuopa kuti mawaipa aziikanda, usiku n'kumaona magetsi a anzanga ali mbuu.

Wamagalasi

Imathandizadi pa timiyala ting'onoting'ono, ndipo imakandikadi, makamaka mukayatsa mawaipa pagalasi louma la fumbi. Ndi chinthu chosintha ikatopa, si chamuyaya. Poti yanuyo imatuluka Loweruka lokha, ikhoza kukhalitsa. Koma dikirani kaye sabata kapena awiri guluu akhazikike, poti poimata amathira madzi ambiri ndiponso amaitenthetsa kuti itsatire kupindika kwa galasi. Ndipo mawaipa akalewo muwataye lero lomwe, mumpira mwawo mumakhala mchenga wokwanira kulemba mizere pa galasi latsopano mvula yoyamba.